Za ma probiotic ndi ndulu, maganizo anga

Anzanga a kuno ku Zomba, m'magulupu a WhatsApp mukuyenda nkhani yoti tizilombo ta ma probiotic, tija tamoyo timene anthu amamwa pofuna kuthandiza m'mimba, timadwalitsa ndulu, moti ena ayamba kale kuti basi chambiko ndi yogati tisiye. Ayi tisafike pamenepo, koma nkhaniyo tisaitayenso.

Zoona n'zoti madokotala analembapo za odwala omwe ndulu inatupa, atayeza n'kupezamo Lactobacillus, kachilombo komwe kaja kamasasitsa mkaka. Koma ndi anthu ochepa zedi, ndipo ambiri anali kale ndi mavuto, okalamba, a shuga, a khansa, anthu oti chitetezo chatsika. Ndulu ikatupa, pa odwala 10 pafupifupi 9 chimayambitsa ndi timiyala totseka njira, madzi a ndulu aja akaima ndi pomwe tizilombo timakwera kuchokera m'matumbo, makamaka E. coli ndi Klebsiella. Ndiye munthu wathanzi chambiko chako imwa ndi mtima m'malo.

Ine chikundisowetsa mtendere ndi timabotolo ta makapisozi tikugulitsidwa pa Facebook ndi m'maofesimu, wogulitsa amangoti "n'zachilengedwe izi mayi, sizipweteka munthu" osafunsa n'komwe ngati womwayo akudwala chani. Mmenemo muli tizilombo tamoyo mabiliyoni, ndipo amene timawagulira ndi omwe aja ofooka, agogo a shuga, m'bale wathu wangotuluka kumene ku opareshoni, wina oti CD4 yatsika, timagula chifukwa cha chikondi ndithu koma thupi lawo silofanana ndi lathu. Ku Netherlands mu 2008 anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu otupa kapamba (pancreas) kwambiri, omwe anapatsidwa ma probiotic anamwalira 16 pa 100 pomwe amene sanapatsidwe anamwalira 6 pa 100. Mu 2023 a FDA, bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, anachenjezanso zipatala za kupatsa ma probiotic ana obadwa masiku osakwana, mwana wina atamwalira.

China n'chakuti ululu wa ndulu timausokoneza ndi ma alusa. Munthu wadya kanyenya kapena chipisi cha pachiwaya madzulo, pakati pa usiku wadzipinda atagwira kunsi kwa nthiti za kumanja, ululu ukukwera mpaka paphewa, akusanza, thupi latentha, ife n'kumati ndi mpweya chabe timuonjezere kapisozi wina. Apo ayi abale, makamaka maso akayamba chikasu thamangani naye ku Zomba Central akaunike ndi sikani, timiyala timaoneka.

Ndipo mukafika musabise zomwe wodwala amamwa, tengani botololo muwaonetse adokotala. Ambiri timachita manyazi kapena timati si mankhwala, koma mitundu yambiri ya Lactobacillus siimva vancomycin, amodzi mwa mankhwala opha tizilombo, ndiye dokotala akadziwa msanga amasankha mankhwala oyenera osataya masiku. Amene muli ndi wodwala kunyumba, funsani kaye a chipatala musanamugulire botololo chonde.