Ndapita ku Cape Maclear, ndabwerako ndi manyazi a ku Lifupa

Sukulu zitatsekera mwezi wathawu, ine, mayi a kunyumba ndi ana athu awiri tinapita kunyanja, ku Cape Maclear. Zithunzi munaziona kale, ndipo ena mwa inu munaseka mimba yanga mpaka kukhuta. Zikomo. Lero ndikufuna ndinene zimene zakhala zikundidya mumtima chibwerereni.

Tsiku loti mawa tinyamuka, amalume anga anatulukira pakhomo ndi njinga yawo. Atakhala pansi anati, "Mphwanga, ndamva kuti ukupita kunyanja. Kwagwa zovuta?" Ndinati ayi, amalume. "Ukukapikula usipa?" Ndinati ayi, tikungokapuma. Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Fodya uja unasoka usiku wonse, n'kukagona naye ku Chinkhoma, ndalama yake ukaonere madzi? Bua ali pompano, madzi ake ndi aulere."

Sindinawakwiyire. Kwathu kuno tchuthi ndi nthawi youmba njerwa, yokonza nazale, yopita ku zinkhoswe ndi kumanga ziliza. Munthu wongonyamuka kukakhala pansi n'kumayang'ana madzi timamuona ngati ndalama zamusokoneza mutu. Inenso ndinkaganiza choncho mpaka chaka chino.

Za ulendo sindichulutsa. Kasungu, Lilongwe, Salima, Golomoti, minibasi iliyonse ndi mavuto ake. Musanalowe m'tauni ya Monkey Bay pali mphambano, ndipo kuchoka pamenepo ndi makilomita pafupifupi 18 okhotakhota m'mapiri, anyani atakhala m'mbali mwa msewu ngati apolisi apamsewu. Kenako mumatsetsereka, nyanja n'kungoti mbee kutsogolo kwanu. Mwana wanga wamng'ono anafunsa kuti tsidya lake lili kuti.

Chimene chinandidabwitsa poyamba si nyanja ayi. Ndinkafunafuna waya. Ife a ku Kasungu tikamva mawu oti paki, m'mutu mumabwera waya wamagetsi, agemu ndi mfuti, ndi m'bale amene anagwidwa ndi nkhwangwa m'nkhalango. Koma kuno tinapezeka tili pakati pa mudzi waukulu wa Chembe, amayi akutsuka mbale m'mphepete mwa madzi, ana akusewera mpira pamchenga, mbuzi zikupuma pansi pa mlambe, pomwe mapiri onse ozungulira mudziwo ndi zilumba zimene mukuziona kutsogolo ndi za Lake Malawi National Park. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo amene dziko lonse lapansi liyenera kuwasamala. Mudzi unalipo kale paki isanabwere, ndipo anthu sanawachotse. Kwathu kuno zinayenda mwina. Anthu anasamutsidwa m'nkhalango muja nthawi ya atsamunda chifukwa cha matenda a kaodzera, ndipo pamene malowo ankasanduka Kasungu National Park mu 1970, anthu anali kale kunja, nyama zili mkati. Kuyambira pamenepo timangoonana pa waya.

Tsiku lachiwiri tinakwera boti kupita ku chilumba cha Thumbi. Woyendetsa anali mnyamata wa m'mudzi momwemo, wazaka zosapitirira makumi atatu. Tisananyamuke anagula tinsomba tingapo kwa msodzi wina pagombe, ine n'kumati mwina ndi ndiwo zathu zamasana. Titayandikira chilumba anazimitsa injini, anaimba likhweru lalitali, n'kuponya kansomba kamodzi pamadzi. Nkhwazi inachoka pamtengo pamwamba pa thanthwe, mapiko tambasu, inatsika osafulumira, ndipo itafika pamadzi inangotambasula zala n'kukatola ngati munthu akutola chipewa chake. Madzi sanathovuke n'komwe. Mbalame imeneyi ndakhala ndikuiona pa chizindikiro cha boma moyo wanga wonse, koma kulira kwake ndinali ndisanakumve. Mayi a kunyumba, amene anakwera botilo akupemphera chamumtima, ndi amene anayamba kukuwa kuti aponyenso ina.

Ndiye kuli mbuna. Ndi tinsomba ting'onoting'ono tokhala m'miyala, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, ndipo ndi chifukwa cha tinsomba timeneti pakiyo inakhazikitsidwa. Mitundu yake ndi mazanamazana, yambiri sipezeka kwina kulikonse padziko, ndipo yaikazi imasunga mazira ndi ana m'kamwa. Mwana wanga wamkazi anaviika dzanja m'madzi, tinsomba n'kumuunjirira kumamujompha zala, iye n'kumaseka mpaka misozi. Ine, pokhala mwana wa ku Kasungu, funso langa linali limodzi: "Achimwene, zimenezi zimakoma?" Mnyamata uja anaseka n'kunena kuti, "Bambo, izi sitigwira. Izi ndi zimene zikulipirira mlongo wanga kusekondale."

Mawu amenewo ndi amene ndabwera nawo. Mnyamata uja sanaphunzire kukonda mbuna pa msonkhano wa bungwe wolandirirapo Fanta ndi alawansi. Amazisamala chifukwa tsiku lililonse kumabwera munthu ngati ine, kulipira boti, kuti akazione. Mayi amene anatigulitsa zitumbuwa, bambo wosema zosemasema, mtsikana wochapa zofunda pamalo pamene tinagona, wakabaza amene anatitengera ku Otter Point, onsewa ndalama ya mlendo imawafika m'manja tsiku lomwelo, osadikira komiti.

Musandimve molakwa, si ku Edeni. Malo ambiri ogona abwino mitengo yake ndi ya anthu olandira madola, ndipo ambiri eni ake si a m'mudzimo. Ana ena amakutsatira kupempha ndalama nthawi yoti ali m'kalasi. Bambo wina wachikulire amene ndinacheza naye akusoka ukonde anadandaula kuti lamulo limaletsa kuwedza mamita 100 kuchokera kumtunda wa paki, pomwe makolo ake ankawedza pomwepo, ndiponso kuti amayi sangangolowa m'phiri kukatola nkhuni popanda chilolezo. Anali ndi mfundo. Komanso m'madzi a pafupi ndi mudzi muli likodzo, choncho mukasamba musachite manyazi kukaonana ndi achipatala mukabwerako. Ife tapita kale. Koma ngakhale bambo wodandaula uja sananene kuti paki ichoke. Ankakangana nayo ngati mmene munthu amakanganirana ndi mnansi amene amabwerekana naye mchere.

Usiku nyanja imasanduka tauni. Kukakhala kopanda mwezi asodzi amapita ndi nyali kukakopa usipa, ndipo magetsi awo amandandalika kutali ngati mzinda woyandama. M'mawa tinalawirira kugombe kukaona akukokolola. Anzanga, ine ndakula ndi usipa wouma wa pamsika wa Kasungu, uja timayamba tauviika m'madzi otentha kuti mchenga uchoke. Sindinkadziwa kuti usipa umanyezimira ngati siliva, kuti ndi wofewa, kuti ukangouthira mchere ndi tomato umakoma kuposa nyama. Mayi a kunyumba anaima pa matandala oyanikapo akufunsa mitengo ngati akufuna kutsegula bizinesi.

Tinapitanso kumanda a amishoni, chifukwa mphunzitsi sapita malo osabwerako ndi phunziro. Dzina loti Cape Maclear analipereka ndi David Livingstone, potchula mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi. Amishoni a Livingstonia, mmodzi mwa iwo Robert Laws, anamanga pano mu 1875, koma malungo anawatha mphamvu, mu 1881 n'kusamukira ku Bandawe. Ana anga anangoti "ooh" n'kufunsa ngati tibwererenso kumadzi.

Pobwerera, tili cha ku Mponela, mwana wamkazi uja anandifunsa kuti, "Adadi, nanga mu paki ya kwathu muli chiyani?" Ndinayamba kuyankha za m'buku: njovu, njati, mvuu pa damu la Lifupa, ndi yachiwiri kukula m'Malawi muno pambuyo pa Nyika, kukula kwake masikweya kilomita oposa 2,300. Anandidula: "Inu munaziona?" Ndinakhala chete. Ndabadwira ku Kasungu, ndakalambira ku Kasungu, ndimaphunzitsa ana za paki imeneyi chaka ndi chaka, koma phazi langa silinapondepo ku Lifupa. Ndawoloka maboma anayi kukaona nsomba za eni, njovu za kwathu ndimangozimvera pa maliro ndi pa wailesi.

Ndipo tinene zoona, mbiri ya njovu kwathu kuno si yokoma. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku Kasungu. Kwa okonda zachilengedwe inali nkhani yosangalatsa, chifukwa opha nyama mozemba anali atatsala pang'ono kuzimaliza. Koma anthu okhala m'malire, mbali ya kuno ndi mbali ya Zambia yomwe, aona minda ikutha usiku umodzi, nkhokwe zikugwetsedwa, ndipo ena ataya miyoyo. Munthu amene chimanga chake chadyedwa chili ndi ngaiyaye, usamuuze kuti njovu ndi chuma cha dziko. Akufunsa kuti chuma chimenecho chimadzera njira iti, poti pakhomo pake sichinadutsepo.

Apa ndi pamene maganizo anga ali. Kusiyana kwa Chembe ndi midzi ya m'malire mwa paki yathu sikuti kuja kuli nsomba kuno kuli njovu basi, ngakhale ndikuvomera kuti mbuna sinagwetsepo nkhokwe ya munthu. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Chembe mlendo amagona m'mudzi, amadya m'mudzi, amayenda ndi mwana wa m'mudzi. Kuno mlendo, akabwera n'komwe, amadutsa pa geti magalasi atatseka, n'kukagona mkati, mudzi n'kutsala ndi fumbi. Waya ndi wofunika, chipukuta misozi kwa owonongeredwa mbewu n'chofunikanso, koma zonsezi zimangochepetsa mkwiyo. Chimene chimasandutsa paki kukhala yako ndi pamene ikuika ndiwo pa mbale yako. Akuluakulu amakumbuka kuti anthu a m'malire analoledwapo kupachika ming'oma ya njuchi ndi kutola matondo m'pakimo nyengo yake ikakwana. Nzeru yake inali yomweyo.

Koma alendowo achokera kuti? Timadikira azungu, ngati kuti maso oonera njovu ali ndi iwo okha. Mzungu amabwera miyezi yozizira n'kupita. Ife tili pompano chaka chonse, aphunzitsi, anamwino, ogulitsa m'mashopu, alimi amene fodya wawayendera bwino. Pa geti Mmalawi amalipira ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja, bola kunyamula chiphaso cha unzika. Tikadakhala kuti timapita, wina pafupi ndi geti akadamanga tizipinda taukhondo, wina akadaphika nsima ya nkhuku yachikuda, wina akadagulitsa uchi, ndipo mnyamata amene lero akutchera misampha akadapeza kuti kulondolera anthu kumene kuli njovu kumalipira kuposa kuthamangitsana ndi agemu.

Ndikudziwa ena alemba pansipa kuti aphunzitsi mwakhuta, thumba la feteleza mukulidziwa mtengo wake? Ndikulidziwa, ndipo amene akusowa chakudya sindikulankhula nawo. Ife tinasunga kwa chaka ku banki m'khonde, tinanyamula ufa ndi mbaula, tinagona malo otchipa kumapeto kwa mudzi kumene tambala amakudzutsa 4 koloko. Ndikulankhula ndi inu amene Loweruka lililonse mumapezeka pa bala mpaka usiku, ndi inu amene chaka chino mwasoketsa mayunifolomu a maukwati asanu. Ana anu akudziwa nkhwazi ya pa chithunzi yokha.

Amalume ndinawapititsira usipa wofutsa wodzaza jumbo. Anaununkhiza, analawa kamodzi, n'kunena kuti ulendo wonsewo bwenzi nditabweretsa thumba lathunthu. Ndinawauza kuti mu Okutobala, madzi akachepa m'tchire nyama n'kumasonkhana ku damu, ndikutenga ana kupita ku Lifupa, ndipo ndikufuna iwonso tipitire limodzi. Anati, "Njovu ndinaziona kale m'munda mwanga, kwaulere, usiku wa 2 koloko." Anamangirira jumbo ija pa kaliyala, anakwera njinga, koma asanapalase anacheuka.

"Galimotoyo ulipira ndiwe?"