Chithunzi pachokha sichikwanira

Ena amati munthu akaona mbalame yosowa ajambule chithunzi kuti anthu amukhulupirire. Ndikuvomereza, koma nkhani siithera pomwepo. Ambirife tilibe makamera aakulu, ndipo foni ikajambula mbalame ili pamwamba pa mtengo wa mombo chimaoneka ndi kadontho chabe.

Ine ndinaphunzirira ku nkhalango ya Dzalanyama. M'mawa wina ndinamva gogomole akugogoda mtengo, mtima phaa, ndikuti ndamupeza Stierling's woodpecker, gogomole wosowa uja amene alendo amabwerera kutali kudzamuona. Mkulu wina amene tinali naye anandifunsa modekha: "Msana wake unali ndi mawanga kapena unali wobiriwira wokhawokha? Nanga pamutu?" Ndinasowa choyankha. Msana wa Stierling ulibe mawanga, koma ine ndinali nditangoona kufiira kwa mutu basi. Sitinamulembe.

Chiyambire tsikulo ndimayenda ndi kabuku ndi pensulo m'thumba. Ndimalemba pomwepo tsiku, nthawi, malo enieni, mtundu wa mitengo, kukula kwake poyerekeza ndi pumbwa kapena njiwa, mlomo, miyendo. Kulira kwake ndimakujambula pa foni, chifukwa mawu amamveka bwino ngakhale mbalameyo yabisala m'masamba.

Mukaika mbalame yachilendo kudera lanu pa eBird, tsamba la pa intaneti lomwe anthu amalembapo mbalame zimene aona, amakufunsani umboni, kenako wodziwa amaunika. Ena amakhumudwa nazo, ati akuwayesa abodza. Ayi ndithu, zolembazi ndi zimene ofufuza adzagwiritse ntchito poona zomwe makala atilanda ku Dzalanyama.

Pempho langa n'lakuti tizilembanso mbalame za m'tauni ya Lilongwe muno, za m'mphepete mwa Lingadzi ku Nature Sanctuary, ngakhale zija tazizolowera.