Injini ya galimoto yothamanga sichapidwa ndi madzi amphamvu ikadali yamoto

Zimene ndaona Loweruka pakhomo la mnansi wanga zandipsetsa mtima, ndipo sindingathe kuzikhalira chete. Mnyamata wa pabanjapo ali ndi Subaru Impreza WRX imene anaitanitsa kuchokera ku Japan, galimoto imene aliyense m'dera lathu amaizindikira ndi kulira kwake isanaoneke n'komwe. Tsikulo anangofika kuchokera m'tauni, n'kuzimitsa injini, n'kutsegula boneti, ndipo chitsulo chikadali kuthetheka ndi kutentha anatenga pressure washer yobwereka, makina opopera madzi mwamphamvu, n'kuyamba kupopera madzi ozizira paliponse: pa alternator (imene imachaja batire), pa bokosi la mafyuzi, pa mawaya ndi pa turbo (imene imakankhira mpweya wambiri mu injini) pomwe. Nthunzi inatolotoka ngati pakuphikidwa mowa. Nditamuuza kuti, "Achimwene, dikirani izizire kaye," anandiyankha monyada kuti galimoto za ku Japan siziopa madzi chifukwa zimayenda pamvula. Pofika madzulo injini ija inali kunjenjemera ndi kudumphitsa moto, nyali yochenjeza itayaka, ndipo mwiniwakeyo anali atayamba kale kuuza anthu kuti makaniko amene anaikonza mwezi watha ndiye wamuwonongera galimoto.

Makaniko alibe mlandu uliwonse pamenepa. Injini ya galimoto yothamanga sichapidwa ndi madzi amphamvu, komanso sichapidwa ikadali yamoto, ndipo amene wachita zimenezi asafune munthu wina womuloza chala. Nkhani ya mvula imene anthu amakonda kubisalamo ndi yopanda mutu. Mvula imagwera pa boneti, ndipo imene imalowa mkati ndi madontho chabe amene malabala otchinga polumikizira mawaya anapangidwira kuti apirire. Pressure washer ya panyumba imaponya madzi ndi mphamvu yopitirira 100 bar (bar ndi muyeso wa mphamvu imene madzi amakankha nayo), pamene madzi a pampopi amabwera ndi ma bar owerengeka pa zala za dzanja limodzi. Mphamvu imeneyo imakankha madzi kudutsa malabala aja n'kuwasiya mkati mwa mapulagi a mawaya, mmene sangaume msanga, ndipo patapita masabata angapo mumapezeka mukugula sensa yatsopano chifukwa cha dzimbiri lobiriwira limene munalifesa nokha ndi manja anu.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti WRX ndi galimoto imene imafuna ulemu wapadera pansi pa boneti, ndipo munthu amene anataya ndalama zambiri kuti aigule, kuilipirira msonkho ndi kuibweretsa kuchokera kudoko, anayenera kudziwa zimenezi asanagwire payipi. Kuyambira 1992 pamene galimoto imeneyi inatuluka, injini yake ndi ya mtundu wa boxer, imene masilinda ake anagona chammbali, awiri kumanzere ndi awiri kumanja. Mapulagi ake oyatsa moto ali m'mabowo a m'mbali, pamalo opanikizika amene dzanja limavutika kufika, ndipo madzi akalowa mmenemo satuluka okha, n'chifukwa chake injini imayamba kudumphitsa moto. Pamwamba penipeni, kunsi kwa bowo lolowera mpweya lija limene anyamata amalinyadira pa boneti, pali intercooler, yoziziritsa mpweya wolowa mu injini, yokhala ndi timapepala ta aluminiyamu topyapyala kwambiri. Mukalozapo pressure washer pafupi timapepalato timapindika n'kugona, mpweya umalephera kudutsa bwino, ndipo mphamvu imene munagulira galimotoyo imayamba kuchepa. Turbo ndi mapaipi a ekizosi amatentha madigiri mazanamazana galimoto ikangoyenda, ndipo chitsulo chotentha chotero chikathiridwa madzi ozizira mwadzidzidzi chikhoza kuchita ming'alu. Zonsezi si zinsinsi, makaniko aliyense wa pansi pa mtengo angakuuzeni kwaulere. Safunsa anadya phula.

Ena amati vuto ndi mavidiyo a pa TikTok amene amaonetsa injini ikuwala m'masekondi ochepa, koma ine ndikuona ulesi ndi kudzikonda basi.

Kuchapa injini panyumba n'kotheka ndithu, ndipo ine sindikuletsa munthu, koma ndi ntchito ya munthu wodekha. Mumadikira mpaka mutatha kuika dzanja pa injini osapsa. Mumachotsa waya wa negative pa batire, n'kuphimba alternator, bokosi la mafyuzi ndi polowera mpweya ndi majumbo omangidwa bwino, makamaka ngati munaikapo air filter yoonekera ija imene eni galimoto zothamanga amaikonda. Kenako mumapopera mankhwala osungunula oyilo pamalo akuda okhaokha, n'kupukuta ndi burashi yofewa, mswachi wakale ndi nsanza, pang'onopang'ono, kona ndi kona. Madzi otsukira akhale ochepa ndi ofatsa, ochokera m'botolo lopopera kapena payipi yosatsegulidwa kwambiri, ndipo mukatha mumapukuta, kuchotsa majumbo onse ndi kusiya boneti yotsegula kuti iume musanailize. Ntchito imeneyi imadya theka la tsiku, ndipo amene alibe theka la tsikulo aisiye injiniyo ndi fumbi lake, chifukwa fumbi silinalepheretsepo galimoto kulira koma madzi achita zimenezo kambirimbiri.

Chodabwitsa n'chakuti mnyamata yemweyo, amene anathera mphamvu zake zonse kuwalitsa pamwamba, sanawerame n'kamodzi komwe kuti aone kunsi kwa galimoto, kumene kumafunikadi madzi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Galimoto zambiri zochokera kumpoto kwa Japan, kumadera monga Hokkaido, kapena zochokera ku Britain, zinayenda m'misewu yothiridwa mchere nthawi ya chipale, ndipo zimafika kuno dzimbiri litayamba kale kudya chasisi ndi m'mphepete mwa matayala a kumbuyo. Zikafika kuno zimakumana ndi matope athu a nthawi ya dzinja, amene amamatirira m'makona, n'kusunga chinyezi kwa masabata, n'kumaliza ntchito imene mchere unayamba. Galimoto yothamanga imakhala yotsika kwambiri, motero imakolola matope ochuluka kuposa galimoto zina. Kumeneko ndiye kofunika kutsuka kawirikawiri, komabe ngakhale kumeneko madzi amphamvu salozedwa pafupi ndi malabala a CV joint (polumikizira zitsulo zozungulitsa matayala) kapena ma bearing a matayala, chifukwa amang'amba labala ndi kutsuka girisi, ndipo mabuleki otentha sathiridwa madzi ozizira. Ndiponso munthu wanzeru salowa kunsi kwa galimoto imene yakwezedwa ndi jeke yokha kapena yotsamira pa njerwa zosanjikiza. Galimoto yolemera kupitirira tani imodzi imafuna mastandi achitsulo ndi malo athyathyathya, ndipo pamenepa sitikunenanso za ndalama koma za moyo wa munthu.

Ndibwerezanso, popeza ena samva kamodzi: kuwala kwa injini si umboni wakuti mumasamala galimoto. Munthu amene amathira madzi amphamvu pa injini yotentha sakuichapa, akuiwononga, ndipo akuiwononga masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akumuchenjeza. Akamaliza asapite kukanyoza amakaniko amene amathera tsiku lonse akuumitsa mawaya ndi mpweya kuti akonze zimene iye wawononga m'mphindi khumi.

Ndipo madzi akuda aja anapita kuti? Oyilo, girisi, palafini ndi thovu la sopo zinatsetsereka kuchoka pakhomo pake, kudutsa pageti, n'kulowa m'ngalande ya mumsewu mwathu, imene imadutsa pakhomo la aliyense wa ife isanakathire kumtsinje kumene amayi ena amachapa zovala ndi kuthirira ndiwo zamasamba. Mpaka lero ngalandeyo ikununkha palafini, ndipo ana akusewera pomwepo opanda nsapato. Kuyala makatoni kapena kuika beseni lakale pansi pa injini kuti litolere zonyansazo sikufuna digiri, koma eni galimoto zodulazi akuona ngati msewu wonse ndi bafa lawo.