Tsiku lomwe madzi anapha anthu othawa mphepo ku Oklahoma

Abale, Meyi ndi Juni akangofika ma vidiyo a tornado aku America amadzadza pa Facebook, ife kuno tikukolola chimanga ndi kufunda majuzi, iwo uko nyengo yotentha ikuyamba kumene. Ndiye ma comment athu ndi amodzimodzi chaka chilichonse, "a America ndi ndalama zonsezo kumanga nyumba za matabwa bwanji." Inenso ndinkaseka nawo, sindikana. Timangoona ngati ndi kamvuluvulu wathu uja wonyamula mapepala ndi fumbi pa bwalo la sukulu mu Okutobala, amene tili ana ankatiuza kuti ukamuvindikira ndi lichero upezamo njoka.

Koma taonani za 2013. Pa 20 Meyi tornado inadutsa mu tauni ya Moore ku Oklahoma, mphepo yothamanga kuposa makilomita 320 pa ola, anthu 24 anafa, ndipo ana 7 anafera pa sukulu ya Plaza Towers. Sukulu imeneyo sinali ya matabwa ayi. Mphepo yotero imanyamula galimoto ngati chitini cha Fanta, ndiye njerwa zathu zowotcha zomangira dothi zija zingalimbe? Tisamanamizane. Ndipo dera lija limavutika chifukwa mpweya wotentha wachinyezi wochokera ku Gulf of Mexico umakumana ndi wouma wochokera kumapiri a Rocky komanso wozizira wakumpoto, pamalo a see opanda chotchinga.

Chomwe chimandivuta mumtima ine ndi cha pa 31 Meyi, patangopita masiku 11. Anthu anali akadali ndi mantha a Moore, maliro angoikidwa kumene. Madzulo ake kunabadwa tornado ina pafupi ndi tauni ya El Reno, yotambalala makilomita 4.2, palibe ina yomwe inayezedwapo yaikulu kuposa imeneyo. Anthu m'malo mobisala analowa m'magalimoto kuthawa, misewu ikuluikulu ya Oklahoma City inadzadza osayenda, aliyense hutala. Anthu 8 amene tornado inapha onse anali m'magalimoto, kuphatikizapo Tim Samaras, katswiri amene anatha zaka zambiri akufufuza mphepo zomwezi, pamodzi ndi mwana wake Paul ndi mnzawo Carl Young. Ngati wodziwa anapezeka nayo, nanga iwe ndi ine?

Nde apa mpamene pali nkhani. Malangizo a tornado amati pita pansi, malo otsika monga chipinda cha pansi pa nthaka, ndipo ukapezeka panja popanda pobisala gona mu ngalande. Ndipo nyumba zambiri ku Oklahoma zilibe zipinda zapansizo. Mabanja ena anamvera, anatenga ana kukalowa m'ngalande za madzi ndi m'makalavati. Kenako mvula inakhuthuka usiku womwewo, yamphamvu yosalekeza, ngalande zija zinadzadza mwa kanthawi kochepa. Madzi anapha anthu oposa 10, kuposa amene mphepo ija inapha, ambiri ana ang'onoang'ono, ena a m'mabanja ochokera ku Guatemala. Tangoganizani mayi wagwira mwana pachifuwa mumdima wa kalavati akumvetsera ngati mphepo yadutsa, kenako akumva kuzizira m'mapazi, kenako m'mawondo.

Maganizo anga ndi oti anthu amenewa sanali opusa, ndipo zimandinyansa ndikamva wina akuti anazifuna okha. Chenjezo limodzi likuti tsika, lina likuti kwera, zonse usiku umodzi, ma siren akulira, pa TV aliyense akukamba za tornado chifukwa ndi yomwe imaoneka bwino pa kamera. Madzi sajambulika mochititsa chidwi, ndiye satchulidwa mokweza. Onjezani kuti ena Chingerezi sankachimva bwino ndipo kwawo nyengo yotere kulibe. Apa ndimaganiza za abale athu amene akupita kunja kukagwira ntchito kapena sukulu, munthu wakulira ku Dedza wafika ku Texas kapena Kansas, ndani anamuuza chochita siren ikalira? Amakuuza za lendi ndi mapepala basi.

Komanso ife tisamaonere ngati filimu. Freddy atabwera mu Malichi 2023 tonse timayembekeza madenga kusasuka, ena anasanjika miyala ndi matayala pa malata, koma chomwe chinatha anthu ku Chilobwe ndi madzi ndi matope ochokera m'phiri la Soche. Mawu oti namondwe m'mutu mwathu ndi mphepo, ndipo a zanyengo akamachenjeza pa wailesi ndikanakonda azinena mobwereza kuti wokhala m'munsi mwa phiri ndi m'mbali mwa mtsinje achoke, osangoti kukubwera namondwe wamphamvu.

Mphwanga wina ali ku Oklahoma komweko chaka chachiwiri tsopano. Dzulo ndinamufunsa pa WhatsApp kuti siren ikalira mvula ikugwa umathawira kuti, anandiyankha kuti pali mlatho pafupi ndi pomwe amakhala. Ndamuimbira katatu lero sakuyankha, akuti ali ku shifiti.