Ngongole za ku Kirtland

Abale, nkhani ya Joseph Smith, woyambitsa mpingo wa a Mormon ku America, ndi banki imene anatsegula ku Kirtland anthu amaifulumirira kuiweruza. Ena amati munthuyu anali kathyali basi, ena amati adani ndiwo ankangomuzunza. Ine ndimaona munthu amene anadzikundikira ngongole, kenako n'kufuna kuzithawa pogwiritsa ntchito chikhulupiriro cha anthu ake.

Mu March 1836 anatsegulira kachisi wamkulu ku Kirtland, m'chigawo cha Ohio, koma ngongole zili m'khosi. Malo ankagula pangongole, katundu wa m'sitolo pangongole. Ndiye anaganiza zotsegula banki, Kirtland Safety Society. Mwa atsogoleri anzake a mpingo, Oliver Cowdery anapita ku Philadelphia kukakonzetsa zosindikizira ndalama, Orson Hyde n'kupita ku Columbus kukapempha chilolezo cha boma. Zosindikizira zinabwera, chilolezo ayi.

Apa ndi pamene pamandipweteka mutu. Wina aliyense akanaima kaye. Smith ndi anzake anangosintha dzina n'kuitcha "Anti-Banking Company", kutanthauza kampani yotsutsana ndi mabanki, ngati kuti banki ukaitcha dzina lina yasiya kukhala banki, ndipo mu January 1837 ndalama zamapepala zinayamba kuyenda zitasainidwa ndi Smith ndi Sidney Rigdon, mtsogoleri mnzake wa mpingo. Tangoganizani mlimi akulandira kapepala kotere posinthana ndi tirigu wake. Angafunse za chilolezo pamene wasaina ndi mneneri wake?

Zoona, chaka chimenecho mabanki ambiri ku America anagwa, ndipo Smith anali ndi adani enieni monga Grandison Newell amene ankasonkhezera milandu. Koma khoti linayang'ana lamulo. Mu October 1837, pa mlandu woyendetsa banki popanda chilolezo umene munthu wina dzina lake Samuel Rounds anawasumira, Smith ndi Rigdon anagamulidwa chindapusa cha madola 1,000 aliyense. Amalonda amene anawakongoza katundu nawonso anathamangira kukhoti, atsogoleri ena a mpingo n'kugalukira Smith. Usiku wa pa 12 January 1838 awiriwa anakwera akavalo n'kuthawa, ulendo wa ku Missouri.

Chimodzi ndimamuyamikira. Anatuma nthumwi yake Oliver Granger kubwerera ku Kirtland kukakambirana ndi eni ngongole, ndipo zina zinabwezedwa. Komabe pofika 1842 ali ku Nauvoo, m'chigawo cha Illinois, Smith anakapempha khoti kuti limumasule ku ngongole zake, loya wa boma Justin Butterfield n'kutsutsa. Pamene ankaphedwa m'ndende ya ku Carthage mu June 1844, pempho lija linali lisanavomerezedwe.