Ku Joni amaimba mabala awo pasiteji, ife timangovinira akuluakulu

Loweruka lapitali pasukulu ina kuno ku Mangochi panali mwambo wotsanzikana ndi ana a Fomu 4, ndipo anatikonzera sewero la nyimbo. Atsikana atavala mataye ndi masiketi akuda, akuponda pansi mofanana ngati mu Sarafina!, akuimba Chizulu chomwe sachimva n'komwe. Kuvina kokha anavina, tonse tinaimirira. Koma nditafunsa mtsikana wina ngati amamudziwa Chipembere, anati ndi msewu wa ku Blantyre. Mtima unandipweteka, ndipo mpaka pano sunaphwe.

Anzathu a ku Joni tiwanene zina zonse, koma pa ichi anatisiya kutali. Ana a ku Soweto anawomberedwa ndi apolisi pa 16 Juni 1976 chifukwa chokana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans. Mbongeni Ngema anatenga nkhani imeneyo, nathandizana ndi Hugh Masekela pa nyimbo, n'kuiika pasiteji ya Market Theatre ku Johannesburg mu 1987 ngati sewero la Sarafina! lija. Taonani chakacho: boma la tsankho lidakali pampando, Mandela adakali m'ndende. Sanadikire kuti zinthu ziyambe zazizira. Mu 1988 seweroli linali ku Broadway, mu 1992 linasanduka filimu, ndipo filimuyo inazungulira mavidiyo sho athu onse mpaka mwana wa ku Makanjira akudziwa za Soweto kuposa za kwawo.

Nanga ife nkhani tilibe? Mu Febuluwale 1965 Masauko Chipembere, mwana wa ku Malindi, anatuluka m'tchire ndi anthu ake, analanda boma lino lomwe nthawi imeneyo linkatchedwa Fort Johnston, n'kulowera ku Zomba. Anakagwa mphwayi ku Liwonde atapeza pantoni ili tsidya lina la Shire. Usiku umodzi wokhawo muli nyimbo za ankhondo, za amayi otsala m'mudzi, za maliro omwe anthu ankaopa kulira mokweza m'zaka zotsatira. Mlakatuli Jack Mapanje, wa boma lomweli, anakhala kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Agogo athu ena amene anaona zonsezi akadali moyo ku Malindi ndi ku Namwera, akutha mmodzimmodzi, nkhani zawo zikupita nawo kumanda.

Ndipo ng'oma tili nazo. Beni wathu ndi sewero la nyimbo kale, la ndale lenileni: mayunifolomu, maudindo, perete yense uja anali anthu akuda akutengera asilikali a atsamunda pamaso pawo. Lero beni timamuona pati? Pamsonkhano wa chipani, bwana akatsika galimoto. Anyamata athukuta padzuwa kuyambira m'mawa, nyimbo asintha mawu kuti mulowe dzina la wopereka tisheti. Chizolowezi cha nthawi ya mbumba za Kamuzu chija sichinatichoke, tinangosintha mtundu wa nsalu. Kukapanda andale, ndiye kwabwera bungwe ndi sewero la kusamba m'manja kapena la ukwati wa ana. Mauthengawo ndi ofunika, kolera inatipha kuno mu 2022, koma sewero lomwe mathero ake analembedwa kale mu ofesi ya wopereka ndalama silifunsa kuti n'chifukwa chiyani mudzi wa m'mphepete mwa nyanja ulibe madzi abwino. Lili ngati ndiwo zopanda mchere, umadya poti wapatsidwa.

Ndivomereze, mantha athu anali ndi chifukwa. Lamulo la 1968 linkafuna kuti sewero lililonse lidutse kaye ku Censorship Board, ndipo wolemba ankadziwa kuti mawu amodzi akhoza kumugoneka ku Mikuyu. Olimba mtima analiponso. Du Chisiza ndi gulu lake la Wakhumbata ankadzaza holo ndi masewero oluma, a Kwathu atiseketsa zaka zambiri uku akutibaya, a Travelling Theatre a ku Chancellor College ankafika mpaka m'midzi. Komanso ku Joni kuli ndalama, kuli maholo, kuli anthu ozolowera kugula tikiti. Zonsezo n'zoona. Koma chipani chimodzi chinatha mu 1994, ndipo amene akutigwira pakamwa lero ndi mimba zathu. A ku Tanzania ali ndi koleji ya zaluso ku Bagamoyo ndi chikondwerero chake chaka ndi chaka, a ku Mozambique anakhazikitsa gulu la dziko la nyimbo ndi magule mu 1979. Ife chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars chinkabwera pa Nkopola pompa, tikumangoonerera alendo.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti dziko lomwe ana athu akuliimbira nyimbo za ufulu ndi lomwelo limene linawotcha zisakasa za abale athu mu 2008 ndi mu 2015. Mabasi anabwera nawo ali chimanjamanja, ambiri a kuno ku Mangochi ndi ku Machinga. Khomo lililonse kuno lili ndi wake amene anapita ku Joni, wina anamanga ya malata, wina anabwera m'bokosi, wina mkazi akumudikirabe. Sewero limenelo a ku Johannesburg sadzatilembera, ndipo oimba ake, ovina ake ndi mboni zake ali pa Mpondasi pompano.