Khungu la ku Mangochi silifuna mabotolo 10

Maganizo anga ndi awa, abale anga: kuno ku Mangochi kusamala khungu kumatheka ndi zinthu zitatu zokha, sopo wofatsa, mafuta oyenerana ndi nyengo, ndi chotchingira dzuwa. Ndipo zikhale zomwe mungathe kugulanso zikatha. Ambiri amayamba ndi changu, kugula mabotolo asanu tsiku la malipiro, mwezi wotsatira ndalama palibe, n'kubwerera ku sopo wochapira zovala. Khungu limadzikonza pang'onopang'ono, pamatenga pafupifupi masiku 28 kuti la pamwamba lisinthike, ndiye chinthu chodzola sabata ziwiri n'kusiya chimangokudyerani ndalama.

Tiyambe ndi kusamba. Kumaso sopo azifika kawiri basi patsiku, m'mawa ndi madzulo. Sopo wochapira zovala anapangidwa kuti achotse mafuta pa nsalu, ndipo pa nkhope amachita chimodzimodzi. Mukamva khungu likukokeka mukangopukuta, dziwani kuti sopoyo wakokolola mafuta achilengedwe omwe amasunga madzi m'khungu. Pakani thovu ndi nsonga za zala kwa theka la mphindi, tsukuluzani bwino, kenako gunditsani thawulo pang'onopang'ono m'malo mokhula. Chinkhupule ndi cha thupi, kumaso ayi, ndipo mukamaliza muzichiyanika padzuwa, chifukwa chikamagona chonyowa m'bafa chimasunga tizilombo. Abale athu achisilamu omwe amapanga wudhu (kudziyeretsa ndi madzi asanapemphere) kasanu patsiku, madzi okhawo savuta khungu. Vuto limabwera mukamawonjezerapo sopo ulendo uliwonse.

Pa mafuta m'pamene ambiri timasokonezeka, chifukwa Mangochi ya mu Julaye si Mangochi ya mu Okutobala. Nthawi ya mwera, mu Juni ndi Julaye, mphepo ndi fumbi zimaumitsa khungu, miyendo imatuwa, milomo ndi zidendene zimang'aluka, makamaka kwa okhala kumtunda monga ku Namwera. Apa mafuta olemera ngati Vaseline ndi abwenzi anu. Koma dzolani khungu lidakali lonyowa pang'ono, pasanathe mphindi zitatu mutatuluka m'bafa. Vaseline sabweretsa madzi m'khungu, amangotsekera omwe alimo kale, ndiye mukadzola pa khungu louma gwa mumangonyezimira koma kutuwa kumabwerera masana. Glycerine nayenso amafuna madzi: madontho atatu kapena anayi m'dzanja, kuphatikiza ndi timadzi pang'ono kapena loshoni, osati yekha. Zidendene za ming'alu zivikeni m'madzi ofunda mphindi 10 madzulo, khulani pang'ono ndi mwala, pakani Vaseline wambiri, valani sokosi pogona.

Ikafika Okutobala ndi Novembala, pamene munthu umatuluka thukuta utangokhala pansi pa mtengo wa mango, mafuta olemera omwewo pa nkhope, pachifuwa ndi kumsana amatsekereza thukuta, n'kuyambitsa tinsungu toyabwa tija. Nyengo imeneyi loshoni wopepuka akwanira, kumaso kadontho kofanana ndi njere ya nandolo. Wa khungu la mafuta mwachibadwa akhoza kudzola madzulo okha. Makanda musawapake mafuta ambiri n'kuwakulunga m'mabulangete mu chilimwe, amayi, tinsungu ta m'khosi ndi m'khwapa timachokera pomwepo.

Za dzuwa anthu amati ife akuda sizitikhudza. N'zoona kuti sitipsa msanga, koma chipsera chilichonse cha chiphuphu chimada kwambiri chikamawombedwa ndi dzuwa, ndipo mawanga akuda omwe amayi ena amatuluka m'masaya ali oyembekezera amakula nalo dzuwa lomweli. Kunyanja limakuwombani kawiri, lochokera kumwamba ndi lonyezimira pamadzi ndi pamchenga. Ganizani za amayi oyanika usipa pa thandala ku Monkey Bay kapena ku Makanjira, asodzi, anyamata a kabaza a pa Boma. Mafuta oteteza kudzuwa akhale a SPF 30 kapena kuposerapo (SPF ndi nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu yake yotchinga dzuwa). Muyeso wa nkhope ndi khosi ndi mizere iwiri, kuyambira patsinde mpaka kunsonga ya chala cholozera ndi chapakati. Pakani mphindi 15 musanatuluke, ndipo ngati mukutandala panja bwerezani pakatha maola awiri aliwonse, kapena mukasamba. Ndikudziwa kuti mtengo wake ndi wowawa. Ngati thumba silikulola, chipewa cha khonde lalikulu, ambulera ndi malaya opepuka a manja aatali zimagwira ntchito yaikulu, makamaka kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Koma kwa abale athu achialubino iyi ndi nkhani ya moyo: SPF 50 tsiku lililonse ngakhale kuli mitambo, osaiwala makutu, milomo, kumbuyo kwa khosi ndi manja, ndipo kachilonda kalikonse kosapola kapena kokhakhala kaonedwe kuchipatala msanga, chifukwa khansa ya pakhungu imayamba motero.

Tsopano chomwe chimandipweteka mtima kwambiri: mafuta osakaniza aja ogulitsidwa m'timabotolo topanda dzina, akuti oyeretsa m'masiku 7. Achemwali, chomwe chimayeretsa msanga chotero nthawi zambiri ndi chimodzi mwa zitatu izi. Choyamba ndi mankhwala a steroid monga clobetasol kapena betamethasone, omwe madokotala amapereka pa matenda ena a khungu kwa sabata zochepa chabe. Mukawadzola miyezi, khungu limapyapyala mpaka mitsempha kuonekera, mizere yotambasuka imatuluka m'mikono ndi m'ntchafu ndipo siichokanso, ziphuphu zimabuka, mabala amachedwa kupola. China ndi hydroquinone, yemwe akadzoledwa nthawi yaitali, padzuwa ngati lathuli, amasiya mawanga akuda bii m'masaya ovuta kuchiza kuposa omwe munkathawa aja. Chachitatu ndi mercury, yemwe amalowa m'thupi n'kuwononga impso ndi mitsempha, ndipo amafika kwa mwana ali m'mimba kapena woyamwa. Zizindikiro za mafuta oyeretsawa timaziona tonse, nkhope yofiira koma mfundo za zala zili zakuda. Werengani zolembedwa pa chubu, ndipo botolo losalemba zomwe zilimo musalipatse nkhope yanu. Ngati mwadzola kale za steroid kwa miyezi, mukasiya mwadzidzidzi nkhope imatentha, kufiira ndi kusupuka, n'chifukwa chake ambiri amabwererako. Pitani mukaonane ndi achipatala akuthandizeni kuchepetsa pang'onopang'ono, ndipo botololo mulitenge akalione.

Za ziphuphu. Kufinya ndi kumene kumasiya mawanga omwe amakhala miyezi. Mandimu, soda ndi mankhwala otsukira mano zimawotcha khungu, ndipo madzi a mandimu akakumana ndi dzuwa amatha kusiya chipsera chakuda ngati wapsa ndi moto. Chomwe chimathandiza pa ziphuphu zing'onozing'ono ndi benzoyl peroxide wa 2.5 kapena 5 peresenti wa ku famase: pang'ono zedi, madzulo, poyamba tsiku limodzi kudumpha lina kuti khungu lizolowere. Amasuwitsa nsalu, ndiye samalani ndi pilo ndi thawulo. Mupatseni sabata 6 mpaka 8 musanaweruze. Ziphuphu zikakhala pachipumi pokha, m'mbali mwa tsitsi, yang'anani mafuta a m'mutu omwe amatsika ndi thukuta, komanso mpango kapena hijabu yomwe yavalidwa masiku angapo osachapa. Nsalu ya pilo ichapidwe sabata iliyonse. Achimwene omwe mumatuluka totupa mukameta ndevu, nyowetsani kaye ndi madzi ofunda, metani motsatira kumene ndevu zaloza, osakokera khungu, ndipo lezala yobuntha itayeni. Amayi oyembekezera asadzole mankhwala a ziphuphu otchedwa tretinoin kapena china chilichonse cholembedwa kuti muli retinol.

Mawanga otuwa pachifuwa, kumsana ndi m'khosi, omwe amachita ngati gaga mukawakanda, si litsiro ndipo kukhula sikuwachotsa. Amayamba ndi tizilombo ta mtundu wa bowa tomwe timakonda kutentha ndi thukuta, n'chifukwa chake ndi ochuluka kunyanja kuno. Shampu ya ketoconazole, yopaka pamalopo n'kuisiya mphindi zisanu musanatsukuluze, kapena clotrimazole wopaka kawiri patsiku kwa sabata ziwiri kapena kuposerapo, zimawapha. Mtundu wa khungu umachedwa kubwerera, nthawi zina miyezi ingapo, ndiye musaganize kuti mankhwala alephera n'kuthamangira ku chubu cha steroid, chifukwa chimenecho chimangowapatsa mphamvu. Chipere nachonso chimakula ndi steroid.

Mafuta atsopano aliwonse yambani mwawayesa mkati mwa mkono kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo muziyamba chinthu chimodzi pa nthawi kuti chikakuwengani mudziwe kuti ndi chiti. Mabotolo musawasiye pawindo kapena pafupi ndi denga la malata, kutentha kwa kuno kumawononga mafuta oteteza kudzuwa tsiku lolembedwa pabotolo lisanakwane. Akasintha fungo, kapena madzi akalekana ndi mafuta m'botolo, atayeni.